Mayi Namaheya ndi Kaundula wa Amoyo

Mayi Teleza Namaheya anabadwira m'malayini a esiteti ya Namisuku, m'nyumba ya chipinda chimodzi yomwe khomo lake linkayang'ana munda wa tiyi. Agogo awo anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique, atasenza mphasa ndi mtondo, ndipo anafera pa esiteti pomwepo osabwererako. Amayi awo ankathyola tiyi. Abambo awo ankasonkhezera moto ku fakitale, ndipo ankabwera kunyumba akununkha utsi wa bulugama. Atakalamba n'kuyamba kutsokomola, akuluakulu a esiteti anawathokoza, kuwapatsa bulangeti, n'kuwauza kuti pakutha pa mwezi atuluke m'nyumba muja chifukwa mukulowa wina. Teleza anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Anathandiza kunyamula katundu kupita kumudzi kwa amalume ake cha ku Kapichi, ndipo anaona abambo ake, munthu amene ankaopedwa ku fakitale, akukhala pakhonde la eni ake ngati mlendo woiwala tsiku lobwerera.

Sukulu akanasiya chaka chomwecho, koma panali mphunzitsi wina, a Jacob Nikoloma, wamtali, wosaseka wamba. Mvula ikagwa tiyi n'kuphuka, ana ambiri ankasowa m'kalasi chifukwa ankakathandiza makolo kudzaza madengu. A Nikoloma ankayenda khomo ndi khomo kukawatenga. Kwa a Namaheya anapitako katatu. Ulendo wachitatu anakhala pansi n'kudya nawo nyemba za kalongonda, ndipo pochoka anali atagwirizana ndi amalume aja kuti mtsikanayu azithyola tiyi Loweruka lokha basi.

Umu ndi momwe Teleza anakhalira mphunzitsi. Anaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zisanu pa sukulu ya boma ya m'mphepete mwa esiteti, nthawi zonse m'makalasi a ana ongoyamba kumene, aja obwera akulankhula Chilomwe chokhachokha n'kumalira akamva belu. Anakwatiwa ndi a Blackson, oyendetsa thirakitala yonyamula masamba, munthu wanthabwala amene ankati mkazi wake amamufunsa mafunso ngati mwana wa Sitandade 1. Anabereka ana anayi, mmodzi n'kumwalira ali wakhanda. Mu 2016 anapuma pa ntchito. Anagula kamunda ka tiyi, n'kumaganiza kuti masiku otsala adzathera m'mizere ya tiyiyo ndi ku kwaya ya amayi.

Penshoni inkabwera mwezi ndi mwezi, yochepa koma yosalephera. Chovuta chinali chimodzi. Pakapita nthawi, ofesi yoona za penshoni inkaitana onse opuma pa ntchito ya boma kuti akaonekere okha pa Boma, atanyamula chitupa, kuti atsimikize kuti adakali moyo. Anthu ankangoti kalembera. Kwa mayi Namaheya ulendowu sunali kanthu, ndi wa kabaza ndi minibasi imodzi. Koma kunali nkhalamba za kuseri kwa phiri, kumene msewu umasanduka sopo kukangowaza, ndipo kwa iwo kalembera anali mlandu.

Mu June wa 2018 kalembera anagwa m'sabata ya mvula yozizira ya chiperoni. Mayi Namaheya anafika m'mawa, anamaliza masana, ndipo akutuluka pa geti anaona njinga yamoto ikuima. Pakati pa woyendetsa ndi mayi wina panali nkhalamba yokulungidwa m'bulangeti, yomangidwa ndi chitenje m'chiuno mwa woyendetsayo kuti isagwe. Anali a Nikoloma. Anali atachita sitiroko chaka chapitacho, mbali ya kumanzere yonse itafa, ndipo mwana wawo Eunice anali atayenda nawo maola atatu m'matope. Mayi Namaheya anathandiza kuwatsitsa n'kuwakhazika pa benchi. Koma makina ojambulira anali atasiya kugwira ntchito chifukwa cha netiweki, ndipo atadikira mpaka ola loweruka, anthu onse otsala anauzidwa kuti abwerenso mawa. Eunice anayang'ana abambo ake akunjenjemera, n'kunena motsitsa mawu kuti sangawabweretsenso. Mwezi wotsatira penshoni ya a Nikoloma inaima.

Mayi Namaheya anamva nkhaniyi patapita miyezi iwiri, ndipo anakwera phiri kukawaona. Anawapeza pa mkeka, akuwothera dzuwa kuseri kwa nyumba. Lilime linkawalemera, koma maso anali omwe aja oopsa ana.

"Teleza," anatero pang'onopang'ono, "akuti dzina langa lili kwa akufa. Iwe ukundiona bwanji?"

Mayi Namaheya anawakonzera bulangeti pamiyendo, n'kukhala nawo mpaka dzuwa litapendeka. Potsika phiri ankalankhula okha, moti amayi ena ochokera kotunga madzi anawapatukira.

Dzina la a Nikoloma linabwezeretsedwa patatha maulendo anayi a Eunice. Chakumapeto kwa chaka chomwecho kunabwera alendo ochokera ku likulu, n'kuitanitsa msonkhano wa opuma pa ntchito. Anafotokoza kuti bodi yoyang'anira thumba la penshoni ikufuna komiti m'boma muno, yoti muzikhala woimira ofesi, woimira bungwe la aphunzitsi, wa azaumoyo, wa banki, ndi awiri osankhidwa ndi opuma pa ntchito eni ake. Komitiyo sidzagwira ndalama, ntchito yake idzakhala kumva madandaulo ndi kulangiza bodi. Itakwana nthawi ya mafunso, abambo angapo anafunsa za kukwezedwa kwa penshoni. Mayi Namaheya anaimirira n'kufotokoza za nkhalamba yomangidwa ndi chitenje pa njinga yamoto, osatchula dzina, osakweza mawu. Pa chisankho manja ambiri anakwezedwa pa dzina lawo, ngakhale iwo sanadzipereke. A Blackson atamva anaseka, amvekere tsopano boma liona chimene iwo akhala akupirira zaka zonsezi.

Misonkhano yoyamba inawachititsa manyazi. Zonse zinali m'Chingerezi, osati Chingerezi cha m'kalasi koma cha m'maofesi, chodzaza ndi zilembo zofupikitsa. Iwo ankakhala kumapeto kwa tebulo, pafupi ndi chitseko. Akafuna kulankhula za kalembera, wapampando ankawauza mwaulemu kuti nkhaniyo ibwera kumapeto, pa gawo la zina ndi zina, ndipo zina ndi zina zinkafika anthu atayamba kale kuyang'ana mawotchi, fungo la nkhuku likuchokera kukhitchini. Kawiri konse anabwerera kunyumba nkhani ili m'kamwa.

Amene anawatsegula maso anali mlembi wa komitiyo, a Winston Dzimbiri, ofisala wa zaka za mwana wawo woyamba. Tsiku lina akudikira minibasi, a Dzimbiri anawauza kuti nkhani imene ikufuna kukambidwa mozama imayenera kulembedwa n'kuperekedwa kwa mlembi kutatsala masabata awiri, ndipo ikalowa pa ajenda palibe angaidumphe. Mayi Namaheya anafunsa chifukwa chake palibe anawauza zimenezi poyamba. A Dzimbiri anayankha moona mtima kuti palibe anaganiza kuti akufunika kuuzidwa.

Kuyambira pamenepo anasintha. Anagula kope lachikuto cholimba. Ankawerenga maminitsi mzere ndi mzere, chala chili pa pepala, ndipo atapeza kuti mawu awo onse a msonkhano wina alembedwa kuti membala wina anadandaulapo, anakana kuvomereza maminitsiwo mpaka atalembamo chimene anadandaula. Anapemphanso kuti aliyense azilankhula chilankhulo chimene akufuna, popeza onse m'chipindamo ankamva Chichewa. Woimira banki anamwetulira mopeputsa, koma woimira azaumoyo, amene anali asanayankhulepo chiyambire, anayamba kuyankhula kuyambira tsiku limenelo.

Nkhani ya kalembera itafika pa tebulo, a Dzimbiri sanabise kanthu. Anati ofesi ili ndi galimoto imodzi yokha, ndipo mafuta ake ndi a mwezi wonse. Anatinso kalembera sanayambe chifukwa chofuna kuzunza nkhalamba. M'maboma ena munapezeka anthu omwalira kalekale akulandirabe, ndipo thumba likamadontha chotero, odzavutika ndi aphunzitsi ndi anamwino amene akugwira ntchito lero. Ngati komiti ikufuna kuti odwala azionedwa kunyumba, pafunika munthu wodziwa dera amene asaine kuti uyu alipo, akudwaladi, ndipo siginechayo idzakhala ndi mlandu wake. Mayi Namaheya anati galimoto akaifuna, ndipo kusainako asaina okha.

Galimotoyo anakaifuna ku esiteti. A Blackson, amene anali atapuma nawonso, anavala jekete lawo la ku tchalitchi n'kuwaperekeza ku ofesi ya mayi Margret, oyang'anira antchito. Mayi Margret anamvetsera, kenako anati esiteti si boma, ndipo opuma pa ntchito a boma si udindo wake. Mayi Namaheya anavomereza kuti ndi zoona. Ndiye anayamba kutchula mayina: makalaliki a pa sikelo, akapitawo, amakaniki a ku fakitale, ngakhale mtsikana amene anawalandira pa khomo la ofesiyo, n'kumanena mphunzitsi amene anaphunzitsa aliyense kugwira pensulo ndi namwino amene anamubaya katemera. Sanapemphe zambiri. Anapempha holo ya esiteti ndi lole imodzi, masiku awiri okha, mu August pamene tiyi wachepa ndipo malole amangokhala. Mayi Margret anati akafunsa kwa abwana. Anafunsadi, ndipo patapita mwezi yankho linabwera lovomera, bola mafuta aikemo a boma.

Zotsalazo anazilumikiza ngati mmene amasokera nsalu ya zigamba. Abusa ndi ansembe anavomera kulengeza masiku a kalembera m'matchalitchi. Alangizi a zaumoyo, amene amadziwa khomo lililonse lomwe muli wodwala, anavomera kutsogolera ofisala kwa ogona. Mgwirizano wonse unalembedwa pa tsamba limodzi, Chichewa kutsogolo Chingerezi kuseri, ndipo bodi inavomereza kuti ayesere kwa zaka zitatu.

Kalembera woyamba wa pa Namisuku anachitika mu August wa 2019. Lole inazungulira midzi, nkhalamba zitakhala pa mabenchi a ku Sande sukulu, zina zikuimba. Anthu amene sanaonane zaka makumi awiri anakumana m'holo muja n'kumawerengerana amene anatsogola. Tsiku lachiwiri a Dzimbiri ndi mlangizi wa zaumoyo anakwera phiri ndi makina awo, mayi Namaheya ali patsogolo. A Nikoloma anawapeza atakhala pa mpando, atavekedwa tayi. Anadinda chala, kenako anafunsa a Dzimbiri kuti anaphunzira kuti, ndipo atamva anagwedeza mutu ngati akuti sizoipa kwenikweni. Anakhala ndi moyo zaka zina ziwiri, ndipo sanakwerenso njinga yamoto.

Zikanathera pamenepa anthu akanangowakumbukira mayi Namaheya ndi lole ija. Koma m'chaka chachitatu, kutatsala masabata atatu kuti kalembera achitike, a Dzimbiri anawatumizira mndandanda wa odwala ofunika kusainiridwa. Kaundula wa amoyo, monga ankautchulira mayi Namaheya. Pa nambala 17 panali dzina la a Philip Mpatama, mlonda wa nkhalango wopuma pa ntchito. Pambali pake panalembedwa kuti akazi awo anadziwitsa ofesi kuti bambowa akudwala kwambiri ndipo apita nawo kwa achibale kutsidya la malire, choncho akupempha kuti membala wa komiti awachitire umboni.

Koma a Mpatama anali atamwalira kale mu February. Mayi Namaheya anali pa maliropo, anaimba nawo, ndipo ndi iwo amene anagwirizira mkazi wa malemuyo, a Ester, pobwera kumanda.

Atalandira mndandandawo, mawa lake anapita kumunda wa esiteti kumene a Ester ankathyola tiyi ngati waganyu. Inali nthawi ya sikelo ya masana, amayi atandanda ndi madengu awo pansi pa mtengo. A Ester atawaona anadziwa. Anasiya dengu pa mzere, ndipo awiriwo anapatukira m'kanjira ka pakati pa tiyi. A Ester anali mayi wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, zala zakuda ndi utomoni wa masamba. Kunyumba anali ndi zidzukulu zinayi za mwana wawo wamkazi amene anamwalira. Sanakane kanthu. Anati mwezi woyamba anangopita ku banki ndi khadi la amuna awo poganiza kuti mwina kwatsekedwa, n'kupeza kuti zalowa. Mwezi wachiwiri chimodzimodzi. Pofika wachitatu ankaopa kukanena, poti akanafunsidwa za iwiri ija.

"Achemwali, ndi cholembera chanu chokha," anatero a Ester. "Anthu a ku likulu aja Philip samudziwa. Anagwira ntchito zaka makumi atatu akugona m'nkhalango, kulumidwa ndi njoka kawiri. Ine ndikudya thukuta lake, sindinabe za munthu."

Mayi Namaheya anati amva, ndipo abweranso.

Masiku atatu otsatira sanadye bwino. Ankapita kukamunda kawo n'kumapalira malo opalira kale. A Blackson anawatsatira m'mawa wina, ndipo atamva nkhani yonse nthabwala zinawathera. Anati akanakhala iwo akanasaina, chifukwa njala ya ana anayi imaoneka ndi maso pomwe thumba la ku likulu palibe analionapo. Mayi Namaheya anayankha kuti zimenezo akuzidziwa, ndipo n'zimene zikuwapweteka. Koma pa mndandanda womwewo panali mayina ena makumi awiri ndi atatu a anthu ogonadi pa mphasa, amene ankaonedwa kunyumba chifukwa choti bodi inakhulupirira siginecha ya Teleza Namaheya. Bodza limodzi likadzaululika, ndipo maliro a pamudzi sabisika, zaka zitatu zoyesera zija zidzathera pomwepo, n'kuyambanso kumanga nkhalamba ndi zitenje. Komanso tsiku limenelo a Ester sadzakumana ndi komiti, adzakumana ndi apolisi. A Blackson anazula udzu pang'ono, kenako anati ndiye akonzeke kudedwa.

Mayi Namaheya anapita kwa a Ester Lamlungu masana, anthu atabwera kutchalitchi. Anakhala pa khonde, zidzukulu zitatumidwa kukathyola mapeyala.

"Sindisaina," anatero. "Komanso sindikakunenezani kuseri. Lachinayi ndidzakudikirani pa mphambano, tipite tonse, mukanene ndi pakamwa panu ine ndili pambali panu. Chimene chikagwe, chikatigwere tonse."

A Ester anaseka kaseko kowawa, n'kunena kuti sichingawagwere onse, chifukwa mayi Namaheya akabwerako adzapeza ufa m'nyumba. Mayi Namaheya sanatsutse, poti zinali zoona.

Lachinayi anadikira pa mphambano kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litafika pamutu. A Ester sanabwere. Mayi Namaheya anabwerera kunyumba, mndandanda uli m'chikwama wosasainidwa, ndipo a Dzimbiri ataimba foni kufunsa, anawapempha sabata imodzi osafotokoza chifukwa. Lachinayi lotsatira anapitanso. A Ester anali atafika kale, atavala chitenje cha gulu la amayi a kutchalitchi, m'manja muli khadi la amuna awo ndi kalata ya maliro. Sanapatsane moni. M'minibasi anakhala mipando yosiyana.

A Dzimbiri anamvetsera nkhaniyo atagwira mutu. Analemba zonse, n'kunena kuti ayenera kuzipereka ku komiti. Pa msonkhanowo woimira banki anati lamulo ndi lamulo, nkhaniyi ndi ya apolisi, ndipo kuchitira chifundo mmodzi n'kuitana ena zana. Mayi Namaheya anali atalemba mafunso awo m'kope lija. Anafunsa ngati pali pepala lililonse, m'Chichewa kapena m'Chilomwe, louza mkazi wamasiye chochita mwamuna wake wa penshoni akamwalira. Panalibe. Anafunsa ngati alipo amene anapitapo pa maliro a wopuma pa ntchito kukafotokozera abale. Panalibe. Ndiye anapempha a Dzimbiri kuti atsegule fayilo ya malemuyo pamaso pa onse. M'fayilomo munali fomu imene a Mpatama analemba kalekale, yotchula mkazi wawo ngati woyenera kulandira gawo la otsala iwo akadzamwalira. A Ester sankadziwa n'komwe kuti fomu yotere ilipo. Miyezi isanu ndi umodzi yonseyi ankatenga mobisa pa mzere wa ku banki, pomwe panali zawozawo zimene akanalandira masana dzuwa likuswa mtengo.

Anakambirana mpaka chakudya chinazizira. Pamapeto pake anavota, anayi kwa awiri, kuti alangize bodi kuti nkhaniyi isapite ku polisi, zimene a Ester anatenga zichotsedwe pa gawo lawo, ndipo mabanja ena amene ali m'vuto lomweli apatsidwe miyezi itatu yodziulula okha.

Koma bodi imakumana pa nthawi yake. Yankho linatenga miyezi isanu, ndipo m'miyezi imeneyo pakhomo pa a Ester sipanalowe kanthu kupatula za ganyu. Anagulitsa mbuzi zonse ziwiri. Mdzukulu wamkulu, amene anali Fomu 2, anakhala pakhomo teremu yathunthu. Mudzi wonse unadziwa, ndipo unadziwa mbali imodzi yokha: kuti mayi Namaheya anapereka mkazi wamasiye ku boma. Ku kwaya amayi ena anayamba kusuntha iwo akakhala pa benchi. Ku msika wa pa mphambano wina anawatchula kuti kapitawo wa akufa, mokweza kuti amve. Kawiri mayi Namaheya anatumiza ufa ndi nandolo kwa a Ester kudzera kwa mlangizi wa zaumoyo, ndipo kawiri konse zinabwezedwa. Mwezi uliwonse ankalembera bodi kalata yokumbutsa, n'kukaisiya okha kwa a Dzimbiri, mpaka a Dzimbiri anayamba kuimba ku likulu iwo ali pomwepo kuti adzimvere okha kuti nkhaniyo sinaiwalike. Mayi Namaheya anaonda m'miyezi imeneyo, ndipo a Blackson ankawaphikira tiyi n'kumakhala nawo.

Yankho litabwera, bodi inavomera zonse zitatu. A Ester analandira zotsala zawo, zosachuluka koma zokwanira kubwezera mtsikana uja kusukulu ndi kufolera nyumba. Mabanja ena asanu ndi awiri anadziulula m'miyezi itatu ija, ena ochokera kutali cha ku Bvumbwe. Kunatuluka kapepala ka Chichewa kofotokoza zoyenera kuchita wopuma pa ntchito akamwalira, ndipo mawu ake ambiri analemba ndi mayi Namaheya, m'ziganizo zifupizifupi ngati za ana a Sitandade 2. Kalembera wa pa esiteti anavomerezedwa kuti apitirire.

Zonsezi sizinabweze mitima ya anthu msanga. Pa chisankho cha komiti cha 2022 mayi Namaheya anapikisana ndi a Lackson, kalaliki wopuma wa ku khoti, amene analonjeza kuti akalowa m'komiti penshoni ikwera. Mayi Namaheya anauza anthu kuti komiti ilibe mphamvu imeneyo, ndipo anthu sanakonde kumva zimenezo. Anagonja ndi mavoti asanu ndi anayi. Zinawawawa kuposa mmene ankayembekezera, moti anakhala sabata osatuluka pakhomo. Kenako anatenga mafayilo awo onse n'kupita nawo kwa a Lackson, anakhala nawo tsiku lonse kuwafotokozera mudzi uliwonse, wodwala aliyense, ndi mwezi woyenera kukakumbutsa mayi Margret za lole. A Lackson anadabwa, poti ankayembekezera mkwiyo. Penshoni sanaikweze, koma lole ikuyendabe chaka ndi chaka, ndipo a Lackson akasokonezeka amaimbira foni mayi Namaheya.

Masiku ano mayi Namaheya akuvutika ndi bondo, ndipo phiri sakweranso. Amathyola tiyi wawo m'mawa, kukagulitsa pa sikelo ya alimi ang'onoang'ono, n'kumakangana ndi kalaliki akawerenga molakwa. Ku kwaya anthu anabwerera pa benchi mmodzimmodzi, popanda wopepesa, ndipo iwo sanafunse. A Ester okha ndi amene sanabwerere. Akakumana panjira amapereka moni wa pakamwa, osaima.

Chaka chatha, mwezi wa November mvula yoyamba itagwa, mayi Namaheya akuyanika makaka a chinangwa pabwalo anaona anthu awiri ataima pa mpanda. Mmodzi anali a Ester. Winayo anali mayi wachitsikana wovala zakuda, atafumbata envelopu, mkazi wa mesenjala wina wopuma amene anaikidwa m'manda sabata yapitayo. A Ester sanalowe. Anamukankhira mayiyo pang'ono kutsogolo.

"Ndi awa," anatero. "Mawu awo amawawa, koma sakunamiza. Uwauze zonse, usabise."

Atatero anatembenuka n'kumapita, poti sikelo ya masana inali itayandikira. Mayi Namaheya anapukuta manja pa chitenje, anatulutsa mipando iwiri, n'kuuza a Blackson kuti abweretse magalasi awo owerengera.